Kodi Bwana Angatikakamize Kulandira Katemera?

Tsiku lina tikutuluka m'Misa, bambo wina wa mumphakati mwathu, amene amagwira nchito pa pulazi ina kuno ku Chongwe, anatikokera pambali. Anatiuza kuti m'masiku a Covid-19 kapitao anasonkhanitsa anchito onse nawauza kuti wopanda khadi la katemera asabwerenso Lolemba. Iye anakalandira nyeleti ija poganizira ana ake asanu, koma mpaka lero mtima wake sunakhazikike. Anatifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi bwana ali ndi mphamvu pa thupi langa?" Funso limeneli taliyenda nalo masabata angapo, ndipo mwezi uno tifuna tiliganizire pamodzi.

Tiyambe ndi kukumbuka zimene zinacitika. Matendawa anapezeka m'Zambia pa 18 Malichi 2020. Katemera woyamba, wa AstraZeneca, anayamba kuperekedwa ku cipatala cacikulu ca UTH mu Lusaka pa 14 Epulo 2021, ndipo boma linanena kuti munthu alandire mwakufuna kwake. M'miyezi ya Juni ndi Julayi caka comweco maliro anaculuka kotero kuti ambiri a ife tinaika abale athu m'manda popanda kuwalira monga mwa mwambo. Kumapeto kwa Novembala 2021, utamveka mtundu watsopano wa Omicron, Mayi Sylvia Masebo, phungu wa Chongwe amene panthawiyo anali nduna ya zaumoyo, analengeza kuti anchito a boma adzafunika kukhala atalandira katemera kuti aloledwe pa nchito. Mau amenewa anautsa mkangano m'maofesi, m'misika ndi m'mabanja.

Tisafulumire kuweruza olemba nchito. Lamulo la caka ca 2010 lonena za umoyo ndi citetezo ca anchito linawasenzetsa udindo woteteza anthu amene awalemba. Pa pulazi anthu amakwera thirakitala imodzi, amadyera m'mbale imodzi, amagona m'komboni imodzi. Mmodzi akadwala, mzere wonse wagwa. Nanga mlezi wa ana amasiye kapena namwino wosamalira okalamba? Munthu wotere akatenga matenda, amene amafa ndi ofooka amene anam'khulupirira. Pamenepa bwana wokhala cete ndiye wolakwa.

Komabe wanchito si ng'ombe ya padibi, imene imalasidwa nyeleti popanda kufunsidwa. Lamulo la za nchito la caka ca 2019 linanena kuti munthu asacotsedwe nchito popanda cifukwa comveka, ndiponso kuti ayambe wapatsidwa mpata wofotokoza mbali yake. Kapitao wongolamula pa bwalo, wosamva za mayi wodwala kapena za bambo wamantha cifukwa ca mphekesera za pa foni, waiwala mfundo imeneyi. Munthu wosauka akauzidwa kuti asankhe pakati pa nyeleti ndi nsima ya ana ake, sitinganene kuti wavomera. Wangogonja.

Eklezia nayenso analankhulapo. Pa 21 Disembala 2020 likulu loyang'anira ciphunzitso ca cikhulupiriro ku Roma linafotokoza kuti katemera ayenera kulandiridwa mwaufulu. Koma m'kalata yomweyo linakumbutsa kuti ubwino wa anthu onse ungatilimbikitse kulandira, ndi kuti wokana cifukwa ca cikumbumtima ali ndi udindo waukulu wopewa kupatsira anzake mwa njira zina. Mu Ogasiti 2021 Papa Francis anaphunzitsa kuti kulandira katemera ndi nchito ya cikondi. Ndipo kuyambira pa 1 Okutobala 2021 anchito a ku Vatican eni ake anafunika kuonetsa cikalata ca katemera, ca kucira, kapena ca kupimidwa. Taonani, poyambapo panali njira zitatu, si imodzi yokha.

Maiko ena anagawa nkhaniyi pawiri. Mu Januwale 2022 bwalo lalikulu la milandu ku America linaletsa lamulo la boma lokhudza makampani onse akuluakulu, koma linalola lamulo lokhudza anchito a m'zipatala. Maweruzo awiriwa atiphunzitsa kusiyanitsa nchito ndi nchito. Wolima cimanga yekha kumunda sangayesedwe ndi muyeso umodzi ndi wosambitsa odwala.

Tsono maganizo athu ndi awa. Bwana angafune katemera pamene nchitoyo imaika moyo wa ena pangozi yooneka, ndipo acite zimenezi atakambirana ndi anchito ndi bungwe lao. Aitane anamwino adzafotokoze m'cinenero cimene anthu amamva, Cinyanja kapena Cisoli. Apereke tsiku lopumula kwa amene thupi lawawa atalasidwa, osadula malipiro. Wokana am'funire nchito ina yapayekha, kapena azipimidwa. Kucotsa munthu nchito kukhale cinthu cothera, zonse zitakanika. Ifenso anchito tisabisale kumbuyo kwa mau akuti ufulu pamene ceniceni ndi bodza limene tinamva pa basi. Wokana katemera koma namakhosomolera anzake popanda cophimba kukamwa alibe cikumbumtima cimene akunenaco.

Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 salinso ngozi yadzidzidzi ya maiko onse. Koma mu Okutobala caka comweco kolera inabuka mu Lusaka, mpaka bwalo la masewera la Heroes linasanduka cipatala. Mliri sutsazika, ndipo ukabwera suyamba wagogoda. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Eni mapulazi, makapitao ndi anchito akhale pansi tsopano, kukali bata, apangane zimene adzacita tsikulo likadzafika.

Bambo uja tinam'yankha kuti sanacimwe polandira nyeleti, pakuti anateteza banja lake ndi anzake. Cimene anamanidwa ndi ulemu wofunsidwa. Mumphakati mwanu mwezi uno, funsani anchito amene muli nao ngati iwo anafunsidwa.