Ndani Ananama Kuti Mlandu Suola?

Akuluakulu akale anati mlandu suola. Iwo ankanena za ngongole ya mbuzi, za malire a munda, za ng'ombe yodya chimanga cha eni, zinthu zoti ngakhale padutse zaka khumi mtengo wa m'malire umapezeka uli chiimire. Koma lero mwambi umenewu wasanduka bulangete lofunda alesi a m'maofesi. Ine ndikuti mlandu wa mwana wochitidwa nkhanza umaola, abale anga, ndipo umaola msanga kuposa usipa wosayanika. Mabala amapola, mboni zimasamuka, mwana amaiwala tsiku, ndipo amalume amagwirizana za ndalama woweruza asanaone n'komwe chikuto cha fayilo.

Amene akutsutsa akwere basi apite ku Chitimba. Kwa inu a m'tauni amene kumpoto mumangokumvera pa wailesi, Chitimba ili m'boma la Rumphi, m'mphepete mwa nyanja, pamsewu wa M1 wopita ku Karonga. Kutsogolo kuli madzi, kuseri kuli chiphiri chimene pamwamba pake pali Livingstonia, ndipo msewu wa Gorodi wokwera kumeneko uli ndi makona okhota ngati ndowe okwana 20. Koma ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, a sosho amene timawanenawa, ili ku Rumphi boma. Kuti ukafike uko uyenera kutsika mpaka pa Chiweta, kukwera chitunda chija chimene malole amalira nacho, kudutsa Phwezi, kukhota pa Bwengu, kuoloka pa Njakwa. Nyengo ya mvula miyala ikagumuka pa Chiweta, basi, ulendo wathera pomwepo.

Tsono tamvani zimene lamulo likunena. Mu 2010 nyumba ya malamulo inakhazikitsa Child Care, Protection and Justice Act, kulowa m'malo mwa lamulo lakale la ana la 1969. Lamuloli likuti wapolisi, wa sosho, mfumu, ngakhale munthu wamba, akaona kuti mwana ali pangozi akhoza kumuchotsa n'kumuika pamalo otetezeka, koma mwanayo aonekere ku khoti la ana pasanathe maola 48. Achipatala nawo ali ndi wotchi yawoyawo: mwana wogwiriridwa ayenera kuyamba kumwa mankhwala omuteteza ku HIV pasanathe maola 72. Mawu abwino zedi, ndipo amene anawalemba ndikuwavulira chipewa. Koma kodi anayamba awerengapo maola 48 ali pansi pa mtengo wa mango pa Chitimba, Lachisanu madzulo, m'thumba mulibe ya matola?

Tiyerekeze msungwana wa sitandade 6. Mayi ake azindikira Lachinayi kuti mwana akuyenda motsimphina. Lachisanu auza mlamu wawo, mlamu auza a mfumu. Loweruka mabanja awiri akhala pansi. Lolemba mphunzitsi wamkazi amva mphekesera n'kuuza wodzipereka woteteza ana m'deralo, amene alibe malipiro, alibe njinga, mayunitsi a foni agula ndi ndalama ya ndiwo. Pofika Lachiwiri pamene uthenga ukugwera pa tebulo la wa sosho ku boma, mawotchi awiri aja anaima kalekale, zovala zinachapidwa, ndipo mwamuna uja, ngati ndi msodzi, wapalasa bwato kukagona doko lina, kapena wadendekera pa lole yopita ku Songwe. Eti mlandu suola!

Anthu ambiri amaganiza kuti mlandu umapambanidwa tsiku la khoti, ndi kukuwa kwa wapolisi woimira boma. Ayi ndithu. Woweruza saweruza misozi, amaweruza zimene zili m'fayilo. Ndipo chinthu choyamba chimene fayilo imagwera chagada ndi chinthu chooneka chopepuka: zaka za mwana. Mu Febuluwale 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, patapita zaka ziwiri chikhazikitsire lamulo la maukwati la 2015. Chabwino. Koma khoti likufuna umboni. Lamulo lokakamiza kulembetsa mwana aliyense wobadwa linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo kumidzi kudakali ana ochuluka opanda chiphaso cha kubadwa. Ndiye wa sosho wodziwa ntchito amayamba ndi kusaka kabuku ka kusikelo m'chikwama cha mayi, kaundula wa sukulu, khadi la ubatizo ku tchalitchi. Akapeza kuti sukulu inalemba chaka china, kabuku chaka china, ayenera kufufuza chifukwa chake iye mwini, loya wa woimbidwa mlandu asanachite kumufufuzira pagulu. Mayi kungonena kuti "anabadwa chaka cha njala ija" sikokwanira, pakuti njala m'dziko muno zachuluka, ya 2002, ya 2005, ya 2016, usankhe wekha.

Koma chimene chikundiwawa kwambiri, mwina chifukwa ntchito yanga ndi ya mawu, ndi zimene timachita ndi mawu a mwanayo. Mwana wa pa Chitimba amalota m'Chitumbuka, amalira m'Chitumbuka. Wapolisi womufunsa mwina ndi wa ku Mulanje kapena ku Dedza, amufunsa m'Chichewa. Sitetimenti ilembedwa m'Chingerezi. Tsiku la khoti womasulira abweza Chingerezicho m'Chitumbuka, ndipo mwana amva nkhani yoti iye sakuizindikira. Loya n'kudzuka: "Bwana, mboni ikusintha mawu." Sanasinthe mwana. Tasintha ndife, katatu konse. Mu 1968 msonkhano wa chipani cha Kongeresi unachotsa Chitumbuka pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo tinasangalala pamene chinabwerera pa MBC mu 1994. Pa wailesi chinabwerera, inde, koma m'fayilo ya mwana sichinalowebe.

Onjezani apa mwambo wathu. Mwana woleredwa bwino satchula ziwalo zobisika pamaso pa akulu. Amati "anandichita zoipa", amati "anandigoneka", n'kuzolika. Khoti silingamange munthu zaka zambirimbiri chifukwa cha mawu oti "zoipa". Ndiye pali njira ziwiri. Waulesi amamuikira mwana mawu m'kamwa: "Anakuvula, eti? Anakugwiririra, si choncho?" Mwana, poopa yunifolomu, amangogwedeza mutu, ndipo umboni wotero loya aliyense amauphwasula ngati chisa cha mpheta. Wodziwa ntchito amakhala pansi pamkeka, amafunsa kuti "kenako chinachitika n'chiyani?", amadikira, ndipo amalemba mawu enieniwo monga atulukira m'kamwa mwa mwana, m'chinenero chake, kumasulira kukhale pambali. Amafunsa kamodzi, bwinobwino. Lero mwana mmodzi amafotokoza manyazi ake kwa mayi, kwa a mfumu, kwa aphunzitsi, kwa nesi, kwa wapolisi wa pakauntala, kwa wa Victim Support Unit, kwa wa sosho, kenako kwa woweruza. Munthu wamkulu, inu amene mukuwerenga nyuzi ino, mungapirire?

Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuli malo otchedwa Chikwanekwane, kumene dokotala, wapolisi ndi mlangizi amapezeka denga limodzi kuti mwana asazunguzike. Nzeru yabwino. Kuchokera pa Chitimba kukafika pa denga lotero n'kutali.

A sosho nawonso ndisawasiye, angayese ndikuwaopa. Khoti likafuna kugamula kuti mwana achotsedwe pakhomo kapena abwerere, limadalira lipoti lawo. Lipoti lina ukaliwerenga umangomva kuti "banja ndi losauka, mwana akuoneka wokhumudwa, bambo ndi chidakwa". Wakuuzani ndani? Munaona ndi maso kapena munamva kwa mkazi mnzake wa mayiyo, amene anakangana naye pa mjigo? Munapita liti, munapeza ndani, mwana amagona chipinda chiti, chitseko chake chimatsekeka? Umphawi si mlandu. Ukanakhala mlandu theka la Malawi likanakhala ku Maula ndi ku Chichiri. Lipoti liyenera kusiyanitsa chimene wolemba anaona, chimene anauzidwa, ndi chimene iye akuganiza. Liyeneranso kunena zabwino za banjalo, ngati pali agogo kapena azakhali odalirika amene angasunge mwana, chifukwa kumuchotsa mwana pakati pa abale n'kumuponya kwa alendo ndi bala linanso. Lipoti lolembedwa pa desiki ku boma, mwini wake osaponda mchenga wa kunyanja, ndi bodza lokhala ndi chidindo.

Komabe chala changa chachikulu sichikuloza iwo. Munthu anaphunzira ku Magomero, boma lamupatsa dera loyambira ku Nyika mpaka kunyanja, njinga yamoto yopanda mafuta, ndi ntchito zina khumi pamutu: mtukula pakhomo, sukulu za mkombaphala, ana amasiye, mabanja omenyana. Mutu umodzi susenza denga. Chala changa chikuloza inu a ku Capital Hill ndi inu a mabungwe a magalimoto oyera. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1991, Kamuzu akadali pampando. Kafukufuku wa 2013 anatiuza poyera kuti msungwana mmodzi mwa asanu, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri, anachitidwapo nkhanza zogonana asanafike zaka 18. Chichokereni apo masemina angati achitika m'mahotela a ku Mangochi ndi ku Salima? Maalawansi angati asainidwa, matisheti angati asindikizidwa? Alawansi ya bwana mmodzi ya usiku umodzi ikhoza kunyamula mayi, mwana ndi mphunzitsi kuchoka pa Chitimba kupita ku khoti ndi kubwerako. Ndalama ya semina imapezeka nthawi zonse. Ya mboni ndiyo "tikudikira fandingi".

Apa m'pamene khoswe amakhala pamkhate. Wolakwira mwana kawirikawiri si mlendo wa m'tchire. Ndi bambo womupeza, ndi malume, ndi mwini ukonde amene banja lonse limadyera m'dzanja lake. Mlandu ukaimitsidwa koyamba chifukwa chikalata cha chipatala sichinasainidwe, mayi amabwera ndithu. Ukaimitsidwa kachiwiri chifukwa woweruza ali ku msonkhano, amagulitsa nkhuku n'kubweranso. Kachitatu, woganiziridwa ali pa belo, akudutsa pakhomo m'mawa uliwonse, abale akumunena mayi kuti akufuna kupha banja, ndipo mbali inayo yabwera ndi ndalama m'kansalu. Mayi sabweranso. Fayilo ilembedwa kuti odandaula sakuonetsa chidwi, ndipo ife a m'tauni tigwedeza mitu: anthu akumudzi umbuli! Umbuli wake uti? Mayi uja wawerengera bwinobwino, waona kuti boma limabwera mochedwa ndipo limachoka msanga, pamene mlamu wake adzakhala naye mpaka kumanda. Mafumu amene amaweruza nkhani zoterezi pabwalo ndi chindapusa cha mbuzi akuphwanya lamulo, ndipo auzidwe mosapsatira. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inaonetsa kuti mfumu ikhoza kuima mbali ya mwana pamene inathetsa maukwati a ana mazanamazana. Koma mfumu imene yakana mbuzi iyenera kukhala ndi kotumiza mlandu, ndipo kotumizako kuyankhe.

Tsiku la khoti likafika, mwana wa pa Chitimba amakhala asanaonepo nyumba yotero. Lamulo la kayendetsedwe ka milandu limalola kuti pa milandu ya kugwiririra anthu atulutsidwe m'khoti, kuti pakhale chotchinga mwana asayang'anane ndi womulakwira, ndiponso kuti munthu amene mwana amamukhulupirira akhale pambali pake. Zimenezi sizidzichitikira zokha. Wina ayenera kupempha, ndipo wopemphayo ayenera kukumbutsidwa ndi wa sosho. Woweruza amayamba wamuyesa mwana ngati akudziwa tanthauzo la kulumbira, ndipo akapereka umboni wosalumbira pamafunika umboni wina wouchirikiza. Ndiye kumutengera mwana ku khoti dzulo lake, kumuonetsa pokhala, kumuuza kuti "sindikudziwa" ndi yankho lololedwa, si kumuphunzitsa bodza ayi. Ndi kumuchotsa mantha kuti anene zoona.

Nambala ya 116 ilipo, yaulere, ndipo a YONECO amayankha. Koma foni sikwera Chiweta. Khonsolo ya Rumphi, ndi makhonsolo onse, aike mu bajeti mzere wakewake wa mafuta a wa sosho ndi thiransipoti ya mboni za ana, ndalama yoti DC asaikhudze pa china chilichonse. A khoti atsike okha kunyanja pa masiku odziwika, akaweruzire pa sukulu kapena pa bwalo la T/A, monga achipatala amatsikira ndi katemera. Ndipo nduna ikadzabweranso kudzadula riboni ku Livingstonia, iime kaye pa Chitimba, itsike m'galimoto, ifunse wodzipereka uja kuti mwezi uno mayunitsi wagula ndi ndalama ya yani.