Ndemanga: Mawu aang'ono amene amagwetsa ana athu pa mayeso a Chingerezi

Mwana akangoyamba Sitandade 1, kaya ndi ku Ndirande kaya ku Bangwe, Chingerezi choyamba kumva kwa aphunzitsi chimakhala "stand up" ndi "sit down". Amaimirira, amakhala pansi, ndipo m'mutu mwake zimakhazikika kuti "sit" ndiye kukhala, nkhani yatha. Vuto limayambira pamenepo.

Kukhala kwathu n'kotambalala. Timakhala pampando, timakhala ku Chilomoni, timakhala chete, ndipo mwana akalimbikira sukulu amadzakhala dokotala ku Queen Elizabeth. Mngerezi ali ndi mawu osiyana pa chilichonse mwa zimenezi. N'chifukwa chake mu Limbe mumamva munthu akuti "I stay in Zingwangwa", pamene wa ku London akanati "I live". Apa tisamuseke mnzathuyo. Anthu a ku Scotland amayankhulanso choncho, ndipo kumeneko n'kumene kunachokera amishoni amene anayambitsa Blantyre mu 1876.

Nayenso "sit" ali ndi njira zake zimene kukhala kwathu sikudutsamo. Mayeso a MANEB ife timalemba, koma nyuzipepala za Chingerezi zimati ophunzira "sit for" mayesowo. Aphungu akakumana ku Nyumba ya Malamulo, Chingerezi chimati Nyumbayo "is sitting". Oweruza a Bwalo Lalikulu ku Chichiri akayamba kumva milandu, mawu ndi omwewo, ndipo ndi amene anamveka dziko lonse pa 3 February 2020, pamene oweruza asanu anakhala ku Lilongwe n'kufafaniza chisankho cha pulezidenti cha mu May 2019. Mtsogoleri amene ali pampando amatchedwa "sitting president", ngakhale ataimirira pamsonkhano ku Njamba. Antchito akafika pantchito koma osagwira kanthu pofuna malipiro, ija timati kunyanyala, amati "sit-in".

Pali malo amodzi pamene zilankhulo ziwirizi zimagwirizana bwino. Bwana akabisa lipoti m'kabati osalitulutsa, Mngerezi amati "he is sitting on it", ife timati walikhalira. Ndipo pali "sitting allowance", ndalama yolandira chifukwa chopezeka pamsonkhano. Ameneyu safuna womasulira, pakuti ngakhale amene Chingerezi chinawakana kusukulu amamutchula bwinobwino.

Katchulidwe nakonso kali ndi msampha. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu okha, choncho khutu la mwana wathu silisiyanitsa msanga "sit" ndi "seat". Akamalemba chimangirizo amasokoneza awiriwa, kenako n'kulemba "sitted" m'malo mwa "sat", poganiza kuti mneni aliyense amangowonjezeredwa mchira womwewo. Wochonga mayeso sakhululuka.

Izi si nkhani zocheza. Wophunzira amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Ana ambiri amathera mphamvu kuloweza mawu ataliatali oti adzagometse nawo anzawo pa mtsutso, pamene amene amawadyera malikisi ndi timawu ta malembo atatu timene amaganiza kuti anatidziwa kalekale.

Mu 2014 boma linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Cholinga chake n'chomveka. Koma mphunzitsi amene watseka pakamwa Chichewa m'kalasi wataya chida chake chabwino. Mwana amabwera kale ndi kukhala, kukhalira, kukhazika ndi kukhalitsa, ndipo amadziwa kuti mawu amodzi amasintha tanthauzo malinga ndi anzake amene ayenda nawo. Ntchito ya mphunzitsi ndi kumuonetsa pamene Chingerezi chikuyendera limodzi ndi zimene akudziwazo, ndi pamene chapatuka.

Zipangizo zake si zodula. Nyuzipepala ya dzulo ya The Nation kapena The Daily Times, yogulidwa pa Victoria Avenue, ndi yokwana. Ana a Fomu 3 apatsidwe tsamba limodzi, afufuze paliponse pamene pali "sit", "sat" kapena "sitting", ndipo chiganizo chilichonse achinene m'Chichewa cha kwawo. Akatero alembe ziganizo zawo zatsopano, aphunzitsi achonge tsiku lomwelo.