Mwendo wakale suphunzitsa mpira

Loweruka lapitali ndinaima pabwalo lina kuno kwa Malomo n'kumaonera anyamata akukonzekera masewero a bonanza. Mphunzitsi wawo ndi bambo wina yemwe masiku ake ankagwedeza Ntchisi yense ndi mwendo wamanzere. Mnyamata wina ataphonya chigoli choonekeratu, bambowo anakuwa kuti: "Ine pamsinkhu wakowo ndikanagoletsa nditatsinzina!"

Mnyamatayo anangozyolika. Palibe anamuuza pomwe akanaima kapena phazi lomwe akanamenyera. Lolemba lake sanabwerenso pabwalopo.

Ife Amalawi timaganiza kuti aliyense amene anali katswiri pabwalo ndi mphunzitsi kale. Akangovula nsapato, timamupatsa wezulo. Tikafunsidwa chifukwa chake, timatchula Kinnah Phiri.

Zoona, Kinnah ndi chitsanzo chabwino. Anamwetsera Flames zigoli 71, chiwerengero chomwe palibe wachifikira. Anali m'timu yomwe inatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979. Atakhala mphunzitsi, anapita ndi Flames ku mpikisano wa Africa Cup of Nations wa 2010, pomwe tinali titapitako komaliza mu 1984. Pa 11 Januwale 2010 mumzinda wa Luanda, tinaswa Algeria 3-0 ndi zigoli za Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda.

Koma tawerengani zaka. Kuchokera 1979 kufika 2010 ndi zaka 31. Asanapatsidwe Flames mu 2008, Kinnah anali ataphunzitsako matimu ngati Big Bullets kuno kwathu ndi Free State Stars ku South Africa. Chomwe chinagonjetsa Algeria si mwendo wake wakale ayi. Tsikulo iye sanakhudze mpira ndi kamodzi komwe. Ntchito yake inali kusankha anthu, kuwaimika m'malo oyenera ndi kuwauza zochita m'mawu oti amve.

Apa ndiye pagona nkhani. Wosewera waluso amachita zinthu zambiri osaganiza, thupi limangodziwa lokha. Mphunzitsi ayenera kuzigawa zinthu zomwezo pang'onopang'ono kuti mwana yemwe alibe mphatsoyo azitole. Nthawi zina katswiri ndi amene amavutika kwambiri kufotokoza, chifukwa iyeyo sanavutikepo nazo.

Ndipo mbiri yakale siteteza munthu pampando umenewu. Kinnah yemweyo anachotsedwa ntchito mu 2013 zinthu zitasiya kuyenda. Patrick Mabedi, yemwe anali kaputeni wa Kaizer Chiefs, naye sanakhalitse pa udindo wophunzitsa Flames.

Sindikunyoza bambo a pabwalo paja. Amasiya dimba lawo madzulo aliwonse popanda wowalipira, ndipo akanapanda iwo anyamatawa bwenzi akungokhala pa shabini. Olakwa ndife, amene tinawasenzetsa katundu osawapatsa nkhata.

Bungwe la FAM limachititsa maphunziro a aphunzitsi a mpira. Inu andale ndi amalonda amene mumathira ndalama m'mabonanza, chaka chino patulaniko zina mutumize mphunzitsi mmodzi wa m'dera lanu kumaphunziro amenewa. Chikho chimachita dzimbiri pawindo, koma mphunzitsi wodziwa ntchito amatsala m'mudzi.

Ndipo inu aphunzitsi, mawa dzerani kwa mnyamata uja. Mukamuuze pomwe akanaima.