Sadaharu Oh: Kusintha Malo Si Kugwa

Mnyamata akachotsedwa pa malo amene ankaŵakonda, kaŵirikaŵiri amadziyesa wolephera. Mbiri ya Sadaharu Oh, katswiri wa maseŵera a baseball wa ku Japan, imatsutsa maganizo otere.

Ali pa sukulu ya Waseda Jitsugyo, Oh anali woponya mpira, ndipo m'chaka cha 1957 anathandiza sukulu yake kupambana mpikisano wa dziko lonse pa bwalo la Koshien. Koma ataloŵa timu ya Yomiuri Giants m'chaka cha 1959, akuluakulu anaona kuti kaponyedwe kake sikangagonjetse akatswiri. Motero anamuika pa first base kuti alimbike pa kumenya mpira.

Chaka choyamba chinali choŵaŵa, pakuti anamenya ma home run 7 okha. M'chaka cha 1962 mphunzitsi wake, Hiroshi Arakawa, anamuzoloŵeza kuimirira ndi mwendo umodzi podikira mpira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomwe ankapuma m'chaka cha 1980, Oh anali atamenya 868, kuposa 755 a Hank Aaron wa ku America.

Ulemu wa Oh uli pa kuvomera malo atsopano osanyinyirika. Ulemu wa Arakawa uli pa kusamtaya atayamba moipa. Wotsiriza sukulu amene khomo lina lamtsekekera asafulumire kudziweruza. Nayenso mphunzitsi asangouza mwana kuti ichi sachitha. Ntchito yake imatha pokhapokha atamuonetsa chimene angachithe.