Luso likhale m'mutu, osati m'chisoti

Ganizirani mnyamata wa ku Shikoswe amene wangolembedwa nchito pafakitale. Tsiku loyamba amupatsa ovolosi, majombo ndi chisoti. Pachisotipo pali kakamera ndi kagalasi pafupi ndi diso. Akayang'ana pampu, kagalasiko kamulembera kuti tseka apa, masula bawuti iyo. Akasokonezeka, injiniya amene ali ku Lusaka aona zimene iye akuona n'kumuuza chochita m'khutu. Manja onse awiri ali pa sipanala.

Izi si za mufilimu. Kampani ya DHL inayamba kale kuveka antchito a m'nyumba zake zosungiramo katundu magalasi oonetsa shelufu yoti apiteko ndi bokosi loti atenge. Ku Kafue kuno, kumene Nitrogen Chemicals of Zambia yakhala ikupanga feteleza kuyambira 1970 ndipo Kafue Steel imasungunula zitsulo, zida zotere zili ndi malo. Kachipangizo kapachifuwa kolira mpweya woipa ukatuluka kangapulumutse munthu. Ndani angakane zimenezo?

Ine sindikana. Koma anzanga, tisanaombe m'manja, tifunse mafunso awiri.

Loyamba: chidacho chikukuphunzitsa, kapena chikungokutuma? Amdala amene anakuphunzitsa kuwotcherera amakuuza chifukwa chake chitsulo chapindika. Kagalasi kangakuuze chochita zaka zisanu, iwe osadziwa chifukwa chake. Tsiku limene nchito yatha, chisoti chitsala pageti, nzeru zonse n'kutsalanso momwemo. Tauni yathu ikudziwa zimenezi. Kafue Textiles itatsekedwa, makina anatsala mkati mwa mpanda. Munthu anatuluka ndi zimene zinali m'mutu ndi m'manja mwake basi. Ndiponso zida zenizenizo sizikhalitsa: Google inaleka kugulitsa magalasi ake a m'mafakitale mu 2023. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Lachiwiri: zimene chidacho chikuona zikupita kwa ndani? Kamera imene ikuthandiza kumanga bawuti ndi yomweyo imene ikuwerenga mphindi zimene wakhala pansi. Mu 2018 Amazon inapatsidwa umwini wa pulani ya chibangili chotsata kumene dzanja la wantchito likupita. Kapitawo wamoyo amatopa, amaseka, amamva ukamuuza kuti mwana wadwala. Kapitawo wa pamkono samva Chinyanja. Funsani oyendetsa Yango mmene zimakhalira foni ikakhala ndiye bwana. Zambia ili ndi lamulo loteteza chinsinsi cha anthu, Data Protection Act ya 2021, ndipo wantchito ali ndi ufulu wofunsa kuti akujambulidwa chiyani, ndipo chisungidwa mpaka liti.

Manje tichite bwanji? Chisoti chikabwera, valani. Koma pa sitepe iliyonse imene chakuuzani, funsani amdala a pashifiti kuti n'chifukwa chiyani. Lembani m'kabuku kanu. Pezani setifiketi ya TEVETA yokhala ndi dzina lanu, chifukwa imeneyo simuisiya pageti. Ndipo a mabungwe a antchito akamakambirana za malipiro, akambenso za makamera amenewa asanafike pamutu pathu.

Mayeso ake ndi osavuta. Batire ikatha pakati pa shifiti, pampu ija mungaikonze?