Mawu kwa Alimi: Tiike Ndalama Zakale m'Mibadwo Yake

Anzathu akumudzi, m'nyumba zambiri muli kachitini kapena kathumba momwe agogo anasiyamo makobiri, matiki ndi masikisi. Ndalama zimenezi sizingagule mchere lero, pakuti tsobola wakale sawawa. Koma musazitaye. Kuli anthu amene ntchito yawo ndi kusonkhanitsa ndalama zakale, ndipo ali ndi mabuku akuluakulu momwe ndalama iriyonse inalembedwa. M'mabukumo sasakaniza ayi. Monga mlimi wanzeru sathira mtedza m'nkhokwe ya chimanga, iwonso amayamba ndi dziko, kenaka nyengo imene ndalamayo inkagwira ntchito, pambuyo pake mtengo wake ndi chaka chake. Inunso mungathe kuchita chimodzimodzi pamphasa panu.

Mulu woyamba ukhale wa masiku a Nyasaland chitaganya chisanabwere. Pamenepo anthu ankagwiritsa ntchito ndalama za ku Mangalande ndi za ku Southern Rhodesia, zimene zinayamba kusulidwa mu 1932. Makobiri 12 ankapanga shilingi imodzi, ndipo mashilingi 20 ankapanga paundi.

Mulu wachiwiri ndi wa chitaganya, chimene chinakhala kuyambira 1953 kufikira 1963. Ndalama zake zachitsulo zinatuluka mu 1955, ndipo zinalembedwa kuti Rhodesia and Nyasaland. Kobiri lake nloboola pakati ndipo liri ndi njovu ziwiri.

Mulu wachitatu ndi wa paundi ya Malawi, kuyambira 1964 pamene dziko linalandira ufulu. Pa zambiri mwa ndalamazi pali nkhope ya Dr. Banda. Kuseri kwa sikisi kuli tambala, kwa shilingi kuli chimanga, ndipo kwa ndalama ya mashilingi awiri kuli njovu. Zapepala zinali za mashilingi 5, mashilingi 10, paundi imodzi ndi mapaundi 5.

Mulu wachinayi ndi wa kwacha ndi tambala, kuyambira 1971. Paundi imodzi inasanduka makwacha awiri, ndipo shilingi inasanduka matambala 10.

Tsono apa mpofunika kupenyetsetsa. Mukatenga shilingi ya 1964 ndi 10 tambala ya 1971, mudzaona kuti zonse ziwiri ziri ndi nkhope ya Dr. Banda, ndiponso zonse ziri ndi chimanga kuseri. Munthu wofulumira anganene kuti nzamodzi. Koma eni mabuku aja amaziika m'magulu awiri, chifukwa chimene chimalekanitsa nyengo si nkhope ya munthu, koma dzina la ndalama ndi kawerengedwe kake. Mwa ichi, 10 tambala ya Dr. Banda ndi ndalama yapepala ya John Chilembwe, ngakhale sizifanana konse, nzapachibale: zonse nza nyengo ya kwacha. Nkhope zimasintha, koma mbadwo watsopano umayamba pokhapokha ndalama yeniyeniyo itasinthidwa.

Kodi kudziwa zimenezi kukuthandizani chiyani? Choyamba, simudzanyengedwa. Alipo ena amene amanena kuti kobiri loboola nchuma choopsa, napempha kuti muyambe mwawapatsa mbuzi kapena ndalama kuti akupezereni wogula. Dziwani kuti makobiri amenewa anasulidwa ochuluka zedi, ndipo ukalamba wokha supatsa ndalama mtengo. Osonkhanitsa amayang'ana zinthu ziwiri: ngati ndalamayo njosowa, ndi ngati zolemba zake sizinafufutike. Wina akafuna kugula zanu, musamupatse thumba lonse nthawi imodzi. Pitani nazo kwa aphunzitsi kapena kwa mwana wa sukulu, akuwerengereni dzina la dziko ndi chaka. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, musazitsuke ndi phulusa, mchenga kapena ndimu pofuna kuti ziwale. Ndalama yokwechedwa imatsika mtengo. Zachitsulo muzikulunge iriyonse m'kapepala kake, ndipo mulembepo chaka. Zapepala musazipinde, muziike m'kati mwa buku, pamalo pouma, kutali ndi chiswe ndi makoswe.

Pomaliza, madzulo ena itanani ana, muyale miyulu inayiyo. Afunseni agogo kuti tiki inkagula chiyani, ndi kuti msonkho ankapereka ndi ndalama iti. Ana adzaphunzira mbiri ya dziko lawo ataigwira m'manja, ndipo sadzaiiwala msanga.