Botolo la madzi si lamulo

Mwana wanga anafika kuchokera kusukulu malaya atamatirira kumsana, maso ali psuu, n'kungodzigwetsa pansi nsapato zili kuphazi. Nditamufunsa zimene aphunzira, anati, "Amayi, sindikukumbuka." Munali mu Julaye 2022 kuno ku Thamesmead, sabata imene bungwe loona zanyengo la Met Office linatulutsa koyamba chenjezo lofiira la kutentha. Pa 19 Julaye kunatentha kufika madigiri 40.3 ku Coningsby, ndipo kutsidya kwa mtsinje wa Thames, ku Wennington, nyumba zinapsa ndi moto wolusa.

Kalata ya kusukulu inangoti ana abwere ndi botolo la madzi ndi chipewa, avale zovala zamasewera. Basi. Aphunzitsi sindikuwaimba mlandu, nawonso thukuta linali kamukamu. Mlandu ndi wa boma. Malangizo a pantchito amati m'chipinda musazizire kutsika madigiri 16, koma palibe lamulo lonena kuti kukatentha kufika pakutipakuti maphunziro aime. Unduna wa zamaphunziro unalangiza kuti masukulu asatseke, mtolo wonse n'kuusenzetsa mphunzitsi wamkulu. Thamesmead ili m'manja mwa makhonsolo awiri, Greenwich ndi Bexley, ndipo masukulu a academy salamulidwa ndi khonsolo. Ndiye kholo likadandaule kwa yani?

Ine ndinaphunzira ku Chikwawa, m'kalasi ya malata yopanda siling'i. Okutobala akafika, malata ankalira tha, tha, ndipo aphunzitsi ankanyamula bolodi kuti tikakhale pansi pa mtengo. Unali umphawi, sindikuuyamikira. Komabe tinkadziwa kuti mwana amene mutu ukumuwawa ndi dzuwa samva masamu. Kuno makalasi ambiri anamangidwa kuti azisunga kutentha m'nyengo yachisanu: magalasi aakulu, mawindo otseguka pang'ono chabe kuopa ngozi, bwalo la phula lopanda mthunzi. Mwana alibe kothawira.

Bungwe la aphunzitsi la NEU limati pa madigiri 26 sukulu iyambe kuchitapo kanthu. Mgwirizano wa mabungwe a antchito wa TUC wakhala ukupempha malire a madigiri 30. Boma lisankhe nambala, liilembe m'lamulo, lipereke ndalama zoikira zotchinga dzuwa pamawindo ndi kubzala mitengo. Makhansala a Greenwich ndi Bexley nawonso ayeze kutentha m'kalasi iliyonse ya ku Thamesmead, atiuze makolofe zimene apeza Juni wina asanafike.